Tinavala Mimba ya Bernadetta

1

Ine ndinavalapo mimba ya mkazi mnzanga, ndipo anthu a pa Capital Hill anandigwira chanza kuti Mulungu wandikumbukira. Musathamangire kuseka. Mayina ena ndawasintha, ndipo ambiri amene akanandikwiyira nayo nkhaniyi anatsogola kale.

Dzina langa ndine Phyllis, koma kuntchito aliyense ankanditcha NyaLuhanga, pakuti kwathu ku Rumphi mkazi amafa ndi dzina la bambo ake, kaya akwatiwe kangati. Amuna anga anali a Greenwell Chavula, bwana wapakatikati mu unduna wina, mkulu wa mpingo, munthu wopesa tsitsi n'kusiya mzere. Boma litayamba kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, unduna wawo unali m'gulu loyamba kunyamuka. Ine ndinatsalira ndi mabuku a laibulale yathu chifukwa mabukuwo analibe pofikira. Nditafika ku Lilongwe mu 1975, ndinapeza nyumba yaikulu ku Area 12, fumbi lofiira m'mawindo, timitengo tolekeza m'mawondo, ndi mwamuna amene anali atanenepa.

Mwana tinalibe. Zaka zinali zitapitirira khumi, ndipo apongozi anga anali atasiya kale kunong'ona, ankangonena poyera kuti ng'ombe zawo za lobola zinapita pachabe. Kuchipatala tinapitako kamodzi tidakali ku Zomba, ndipo anatiyeza tonse awiri. Tsiku lokamva zotsatira a Chavula anali ndi msonkhano, komanso anati nkhani za ana ndi za amayi. Ndinapita ndekha. Nditabwerera anandifunsa, nkhope ili m'nyuzipepala, kuti adokotala ati bwanji. Ndinati tipitirize kupemphera. Sanafunsenso.

2

Ntchito yathu inali ya makina. Mabuku akale, nyuzipepala ndi malipoti tinkazijambula tsamba ndi tsamba n'kuziika pa kafilimu kopyapyala kotchedwa maikulofilimu, kuti shelefu yathunthu ilowe m'kabokosi kamodzi. Filimuyo tinkaitsuka tokha m'chipinda chamdima chimene chinali ndi getsi lofiira pakhomo. Getsilo likayaka, palibe ankaloledwa kutsegula chitseko, ngakhale bwana amene, chifukwa kuwala kukangolowa ntchito yonse inkafa.

Anthu a m'malaibulale a maunduna tinali ndi komiti ya makina imene inkakumana ku City Centre mwezi ndi mwezi. Wapampando anali bwana wathu, a Reinford Kalilangwe, amene chala chawo sichinakhudzepo makina alionse, koma mayina a makinawo ankawadziwa onse pa Chingerezi. Amuna ankalankhula, akazi tinkathira tiyi. Likafika Lolemba, odetsa manja ndi inki ndi mankhwala otsukira filimu tinali ife tomwe.

Mwezi wina Sakina, mnzathu wa ku Mangochi amene ankatayipa makadi a mabuku, anadulidwa nsonga ya chala ndi chimpeni chodulira mapepala. Nkhaniyo inafika ku komiti. Abambo aja anakambirana mozama, aliyense mbali yake, ngati chimpenicho sichinabunthe. Sakina anali pomwepo ndi bandeji, akuyendetsa shuga.

Potuluka ndinakoka dzanja a Marcelina, mayi wa ku Mitundu amene ankapukusa makina osindikizira timapepala, wamkulu kwa ife tonse. Ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga, tiyeni tizikumana patokha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundikumbutsa kuti masiku ano anthu akakhala pansi opitirira atatu, ena amafuna kudziwa kuti akukambirana chiyani. Ndiye tinalitcha gulu lathu kalabu yoluka. Palibe mwamuna amene anafunsapo zimene zimanenedwa pa kalabu yoluka.

Tinkakumana Loweruka masana kunyumba kwa a Marcelina ku Falls. Tinkaphunzitsana makina amene abambo aja ankati ndi ovuta, tinkagwirizana zoti tikanene ku komiti, kenako tinkalowa m'za m'mabanja. Malamulo anali awiri. Loyamba, chimene chamveka pano chathera pano. Lachiwiri, dzina la mwamuna silitchulidwa. Kaya ndi mwamuna wako, kaya ndi bwana, kaya ndi chibwenzi, onse anali a uje. Lamulo lachiwirilo ndinalibweretsa ndine, ndipo ndinkanyada nalo.

3

Wamng'ono pa gulu lathu anali Bernadetta, mtsikana wa kwawo kwa a Marcelina, amene ankagona kwa azakhali ake ku Mchesi. Anali ndi dzanja labwino pa kamera, ndipo kutsuka filimu ndinamuphunzitsa ndine. Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa amayi ake ndi azing'ono ake kumudzi. Sankalankhula kwambiri, ndipo kuluka sankakutha n'komwe.

Loweruka lina anaika singano pansi n'kunena kuti waima. Tonse tinadziwa kuti ntchito yatha. A Kalilangwe anali ndi lamulo lawolawo: mtsikana wosakwatiwa akatenga mimba, ankachoka tsiku lomwelo, ati asaipitse mabuku a boma. Tinali titaonapo kale wina akutuluka ndi kachikwama kake, akulira mpaka pa basi.

A Marcelina anafunsa ngati a uje akudziwa. Bernadetta anati akudziwa ndipo akondwa kwambiri, kungoti ali ndi mkazi wawo, ndiye akuti adikire kaye. Ine magazi anandiwira. Ndinanena kuti mwamuna wotero ndi galu, ndi kuti mkazi wakeyo ndi wogona tulo tofa nato ngati sakuona kanthu. Anzanga anavomereza ndi mitu.

Nzeru inachokera kwa Sakina. Anati mimba imaoneka chifukwa ili yokha. Ku sitolo ya ofesi kunali makoti aatali a kaki otetezera fumbi, amene tinkawatcha madasitikoti, osokedwa pa msinkhu wa amuna, ndipo palibe mkazi ankawafuna. Tinagwirizana kuti kuyambira Lolemba tonse tiwavale, m'kati tikulungemo zitenje, ndipo Bernadetta akamakula, ifenso tizikula. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, anatero a Marcelina, ndipo nkhani inatha.

4

Tinakuladi. Mwezi uliwonse tinkawonjezera chitenje. Tinkayenda m'makonde a Capital Hill mondondozana, tonse a kaki, tonse otukuka kutsogolo, ndipo amesenjala ankatipatukira. A Kalilangwe atafunsa, ndinawauza kuti mankhwala otsukira filimu amalowa m'thupi la mkazi kudzera pamimba, choncho tikudziteteza. Anagwedeza mutu, n'kukanena zimenezo ku komiti ngati azitulukira okha.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti pa akazi onsewo, anthu ankayang'ana ine. Amayi a kumpingo anayamba kundimwetulira. Wina anandibweretsera dothi la chiswe m'kapepala. Ndikunena zoona, masiku ena ndinkaiwala kuti ndi zitenje. Ndinkapezeka ndaika dzanja pamimbapo ndili pa basi, ndipo madzulo pomasula, mtima unkandiwawa kwambiri.

Mbiriyo inafika ku ofesi ya a Chavula. Tsiku lina atavula nsapato anandiitana.

“NyaLuhanga, anthu akundiyamikira. Kodi pali chimene sindikuchidziwa?”

“Ndi zovala za fumbi chabe, bambo.”

Anapuma mpweya wautali, n'kupempha madzi osamba. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti akhumudwa.

Bernadetta anachira bwino ku chipatala cha Bottom, mwana wamwamuna. Tchuthi chake chinali chochepa, ndiye masabata otsalawo tinamuika m'chipinda chamdima. Ndiko kuti, getsi lofiira linkayaka tsiku lonse, ife tinkasinthana kulowamo, ndipo mafilimu ankatuluka monga mwa masiku onse. A Kalilangwe akagogoda n'kuitana dzina lake, amene ali m'katimo ankangotsokomola. Iwo anafika pouza komiti kuti mtsikana ameneyu ndi chitsanzo, satuluka ngakhale pa nkhomaliro.

5

M'masiku omwewo a Chavula anadwala msana. Unayamba mwadzidzidzi. Anati bedi lathu ndi lofewa, ndipo anasamukira ku chipinda cha alendo, kumene anayala thabwa pansi pa bulangete. Ine ndinkawiritsa madzi m'mawa ndi madzulo, n'kumawathowa msanawo, iwo akubuula mwaulemu. Kuchipatala ankakana.

Nkhaniyi ndinaitula ku kalabu Loweruka lina, Bernadetta adakali m'chikuta. Ndinati a uje anga athawa kuchipinda, akugona pa thabwa ngati mtembo. Anzanga anaseka, ndipo Sakina anandilonjeza mafuta ena a kwawo.

Loweruka lotsatira Bernadetta anabwera kudzationetsa mwana. Tinamulandirana, tinamuveka kajuzi kamene tinaluka, dzanja lake limodzi lalitali kuposa linzake. Bernadetta anali wosangalala, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula osafunsidwa. Anati a uje aja, ngakhale ndi a kumpoto komanso akuluakulu a mpingo, amvera mwambo wa azakhali ake. Ine, mwana wa mlaliki wokulira pa mishoni, ndinafunsa kuti mwambo wanji. Anandifotokozera mokoma mtima kuti khanda likabadwa limakhala lozizira, ndipo bambo ake akagona ndi mkazi wina aliyense mwanayo asanatengedwe kumphasa, khandalo limatupa ndi tsempho, mwina kufa kumene. Mkazi wina aliyense, ngakhale wawo wakunyumba.

“Ndiye mkazi wawo amuuza kuti chiyani?” anafunsa a Marcelina, maso ali pa ulusi.

“Amuuza kuti akudwala msana,” anatero Bernadetta akuseka. “Akuti akugona pa thabwa, mayiyo n'kumawathowa ndi madzi otentha.”

Singano zonse zinaima. Bernadetta anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, kuseka kuja kukuzima pang'onopang'ono. Mwanayo anali pamiyendo panga. Ndinamuyang'ana bwinobwino, kumaso, makutu, zala, kenako ndinamupereka kwa Sakina kuti ndingamugwetse.

A Marcelina anati tiyi wazizira. Ine ndinati ndikathowe msana, nthawi yakwana. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Falls mpaka pa mlatho ndisanakumbukire kuti kuli basi.

6

Lolemba m'mawa Bernadetta anabwerera ku ntchito, ndipo m'mawa womwewo a Kalilangwe anandiitanitsa. Anatseka chitseko. Anati amva mphekesera kuti mtsikana uja ali ndi khanda ku Mchesi, ndipo akufunsa ine chifukwa ndine mkazi wa mkulu wa mpingo, sindinganame. Ndikangoti inde, achoka lero lomwe.

Inde ndi mawu aafupi. Anali pa lilime penipeni, ndipo ndikanawanena palibe akanandiimba mlandu, ngakhale a Marcelina. Ndinapempha kuti ndikaone kaye filimu imene inali m'madzi, ingapse.

Ndinalowa m'chipinda chamdima n'kuyatsa getsi lofiira. Bernadetta anali momwemo. A Marcelina anali atamuuza kale zonse. Anagwada pa simenti n'kuyamba kulira chamumtima, akulumbira kuti sankadziwa, kuti bamboyo anamupeza ine ndisanabwere ku Lilongwe, anamuuza kuti mkazi wake ali kumudzi, ndipo dzina lakuti NyaLuhanga silinamuuze kanthu. Ndinamukhulupirira. Koma kumukhulupirirako sikunandiletse kumuda. Ndinamuda kwambiri mtsikana ameneyo, ndipo ndinamuuza adzuke angatayitse mankhwala.

“Mwanayo ndi wa yani?”

“Ndi wa a Chavula, mayi.”

“Iwe Bernadetta, ndakufunsa kuti mwanayo ndi wa yani.”

Apa ndiye ndikuuzeni zimene adokotala aja ananena ku Zomba. Anati ine ndilibe vuto lililonse. Anati amuna anga anadwala matsagwidi atakula kale, nthendayo inatsikira kumunsi, ndipo sadzaberekanso, kaya ndi ine, kaya ndi mkazi wina aliyense pansi pano. Anandifunsa ngati ndikawauze ndekha kapena awaitane. Ndinati ndikawauza ndekha. Koma pa basi ndinaganiza za mwamuna wopesa mzere uja, mmene ankaimira kutsogolo kwa mpingo, ndipo ndinaona kuti mkazi angathe kusenza dzina lakuti chumba n'kukhalabe ndi moyo, koma iye lingamuphe. Ndinalisenza ine. Zonse za ng'ombe zopita pachabe zija ndinazimeza ndikudziwa.

Zimenezi ndinamuuza Bernadetta mumdimamo, woyamba kuzimva chibadwire. Kenako ananena motsitsa kuti panali winanso, mnyamata woyendetsa chimakina chokumba cha katapila pa msewu wa ku City Centre, amene anapita msewuwo utatha. Iye sankadziwa kuti mimba ndi ya uti mwa awiriwo, ndiye anasankha amene anali ndi nyumba.

Ndinatsala pang'ono kuseka. M'malo mwake ndinalira, ndipo sindinalirire a Chavula ayi. Ndinalirira ana anga amene ndikanabereka. Bernadetta anandigwira dzanja, ine osalichotsa, chifukwa mumdimamo munalibe wina woti andigwire. Titatha tinatsuka kumaso, tinayanika filimu, ndipo ndinazimitsa getsi.

A Kalilangwe anali akudikira. Ndinawauza kuti khanda limene amva ndi la kalabu yathu yoluka, timalerera limodzi, ndipo Bernadetta masiku onsewa anali m'chipinda chamdima, iwo eni amumva akutsokomola. Anakumbukira kuti anamuyamikira kale pamaso pa komiti yonse. Anati anthu a pa Capital Hill ndi amiseche, n'kundiuza ndipitirize ntchito.

7

Msana uja unachira wokha patapita miyezi. Za mwambo wawo kuti anaumaliza liti, sindinafunse. Lamulungu lina titabwera ku tchalitchi, a Chavula anandikhazika pansi n'kuulula. Anayamba ndi mawu achisoni, koma nkhope inkawakana, inkangowala. Anati Satana anawapeza ali okha m'tauni yachilendo, anati apepesa, kenako anafika pamene ankafuna kufika.

“Koma tsopano waona, NyaLuhanga, kuti vuto silinali kwa ine.”

Abale anga, mawu a adokotala aja anakwera mpaka pakhosi. Akanangotuluka, mwamunayo akanagwa pomwepo, ine n'kutsukidwa pamaso pa apongozi ndi Rumphi yense. Komanso Bernadetta akanatsala yekha ndi khanda, mkwiyo wa a Chavula ukanafika kwa a Kalilangwe tsiku lomwelo, ndipo zitenje zonse tinavala zija zikanapita pachabe. Ndinawayang'ana amuna anga, munthu amene anagona pa thabwa miyezi yonseyo kuopa kuti mwana wa woyendetsa katapila angatupe.

“Ndamva, bambo,” ndinatero. “Nanga msana uli bwanji?”

Kenako ndinaika zanga. Ku Mchesi azipita masana, ndi ine. Mwana asachotsedwe kwa mayi ake. Pa Capital Hill pakamwa pawo patsekedwe, mtsikanayo asataye ntchito. Anavomera zonse mofulumira, n'kunditcha mkazi wa mtima wa golide. Anauza ndi abale awo omwe, amene anapha mbuzi.

Mwanayo anamutcha Redson. Anakulira m'nyumba ziwiri, ndipo ine ankanditcha amayi aakulu. A Chavula ankamunyamula paphewa kuzungulira bwalo lonse la ku Area 12, akuonetsa alendo makutu a mwanayo kuti ndi a kwa Chavula enieni. Alendowo ankavomereza. Bernadetta anagwira ntchito mpaka makina athu aja analowedwa m'malo ndi makompyuta, ndipo anapuma ali wapampando wa komiti yomwe ija. Tiyi ankathira amuna ndi akazi mosinthana.

A Chavula anamwalira osadziwa. Pamaliro, achibale a ku Rumphi anamuyang'ana Redson akuyenda kutsogolo kwa bokosi, n'kunena kuti ngakhale kayendedwe ndi ka malemu. Ine ndi Bernadetta tinali pa mphasa imodzi, ndipo tinavomera limodzi.

8

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwandiweruza kale. Ena muti ndinali chitsiru, ndinataya ubereki wanga chifukwa cha ulemu wa mwamuna amene sanandisungire wanga. Mwina mukunena zoona. Ena muti ndinabwezera mochenjera, kumusiya munthu alere mwana wa mwini akunyada. Masiku ena, akamaonetsa makutu aja, ndinkamva kukoma kwina kumene sikunali kwachikhristu. Sindikana. Chimene ndingakuuzeni atsikana a masiku ano n'chakuti mukamayambitsa magulu anu othandizana, dziwani kuti lonjezo limakoma pamene mukuthandiza munthu wosakulakwirani. Tsiku lidzafika loti amene mwamuveka chitenje ndi yemweyo wakupwetekani, ndipo m'pamene mudzadziwe ngati muli ndi gulu kapena mumangomwa tiyi. Komanso pokamva zotsatira za kuchipatala, muzipita awiri.

Redson ndinamuuza ndekha chaka chatha, amayi ake ali pomwepo, chifukwa sindinafune kuti adzazimve kwa ena. Tsopano ndi bambo wa imvi zake. Anamvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana pansi, kenako anati bambo ake ndi amene anagona pa thabwa chifukwa cha iye, wina sakumudziwa ndipo sakumufuna.

Atatuluka kukasuntha galimoto, Bernadetta anandiyandikira. Anati zaka zonsezi sanandiuzepo dzina la mnyamata wa katapila uja, ndipo poti tonse takalamba, mwina ndi bwino wina alidziwe. Anatsegula pakamwa. Ndinamukumbutsa lamulo lachiwiri, ndipo tinapitiriza kuluka.